A Ziyende ndi Ndowa Yawo

Dzina lawo lenileni lilipo, koma linatsala pa chiphaso. Mumsewu wonse, kuyambira pagolosale ya kumtunda mpaka pamlatho wa kumunsi, aliyense amawadziwa kuti a Ziyende, pulambala wa ndowa yabuluu. Dzinali analiputa okha. Akamaliza kukonza mpopi amati, "Ziyende." Akapeza anthu ataima pakhomo la basi n'kumatsanzikana ngati sadzaonananso, amati, "Ziyende." Ngakhale pamaliro a mlamu wawo, abusa atatalikitsa pemphero, amene anakhala pafupi anamva liwulo likutuluka chapansipansi m'ndevu zawo, ndipo mlongo wawo sanawapatse moni chaka chonse.

Tinene pachiyambi pomwe kuti ndowa yabuluuyo inatsala pang'ono kuwalanda mwana wawo mmodzi yekhayo. Koma munthu sangamvetse kuti ndowa ingachite bwanji zimenezo asanawadziwe kaye eni ake.

A Ziyende ndi munthu wamfupi, wa chifuwa chotambasuka, wovala magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi. Ntchito anaiyamba ali mnyamata, ndipo inawalowa m'mutu mpaka anafika pokhulupirira kuti dziko lonse ndi mapaipi okhaokha. Kwa iwo mavuto a pansi pano ndi awiri basi: china chatsekeka, kapena china chikudontha. Chimfine n'kutsekeka. Miseche n'kudontha. Mkangano wa m'banja n'kutsekeka kumene kwakhalitsa mpaka kwayamba kununkha. Tsiku lina magalimoto atapanikizana pamphambano ya kumsika, anatsika m'basi n'kukaima pakati pa msewu, sipanala ili m'manja, kumauza madalaivala kuti amene watseka ndi wa lole uja, achotsedwe yekhayo zonse ziyenda. Wapolisi anawagwira pamkono n'kuwabwezera m'basi. Mpaka lero amanena kuti wapolisiyo anachita nsanje.

Chimene chimatopetsa makasitomala kwambiri ndi mafunso awo. Munthu kubwera akuthamanga, ali wefuwefu, kuti madzi akutayika kunyumba, iwo amamukhazika pansi kaye. Akutayika bwanji? Akudontha limodzilimodzi, kapena akuchucha motsata khoma? Akuyenderera pansi mwakachetechete, akutumphuka, kapena thanki yadzaza ndiye akusefukira? Amati "kutayika" si liwu la munthu wamkulu, chifukwa kudontha kumafuna kalabala katsopano, kuchucha kumafuna kumanga polumikizira, kutumphuka kumafuna paipi ina, ndipo kusefukira kumangofuna kuti mwini nyumba asiye kugona masana. Amanena zoona ndithu. Koma mayi wina wa saluni, pamene ankamaliza kusankha liwu loyenera, n'kuti masilipasi a makasitomala ake atayamba kale kuyandama.

Ndiye pali ndowa. A Ziyende sakhulupirira levulo, kachipangizo ka amisiri kaja kokhala ndi kathovu pakati. Amati levulo anaipanga ndi munthu, ndipo chopanga munthu chimanama ngati mwini wake, koma madzi salandira chiphuphu. Choncho bafa lililonse limene alowamo, asanagwire kanthu, amatunga madzi odzaza ndowa n'kuwakhuthulira pansi. Kenako amaika manja kumbuyo n'kumawatsatira. Madziwo akalunjika pakabowo ka ngalande, amagwedeza mutu n'kunena kuti wopanga pansipa analeredwa ndi anthu. Akalowera kwina, amafunsa dzina la mmisiriyo, ndipo dzinalo saliiwala. Nyumba zingapo anathamangitsidwamo makapeti atanyowa, koma zimenezo amaziona ngati mazunzo amene wonena zoona aliyense amakumana nawo. Mfundo yawo inali yoti munthu wosasamala kumene madzi apite sangasamalenso china chilichonse, ndipo woteroyo usamubwereke ngakhale njinga.

Kunyumba kwawo kunali akazi awo ndi mwana wamkazi. Akaziwo ndi telala, amasoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde. Ndi munthu wa mawu ochepa, amene anaphunzira kalekale kuti maganizo a amuna awo ali ngati mvula ya masana, ukangokhala pakhonde imadutsa yokha. Zaka zaposachedwapa manja awo anayamba kuwawa ndi kutupa m'mfundo. A Ziyende anagamula kuti makina osokera ndi amene atseka magazi, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ankawapaka mankhwala kwinaku akuwalalikira za kayendedwe ka magazi m'thupi.

Mwanayo anabadwa wochepa kwambiri moti bambo ake atamuona anangoti, "Kadontho," n'kukhala dzina lake la panyumba mpaka lero pamene ali munthu wamkulu wovala yunifolomu yoyera. Amagwira ntchito kuchipatala, kotenga magazi. Bambo ake amanyadira kuti mwana anatengera ntchito yawo, kungoti mapaipi ake ndi ofewa ndipo eni ake amalira. Koma dzinalo linamuphonya, chifukwa pakamwa pa Kadontho sipadontha ayi, pamatumphuka. Akaweruka ankafikira pampando wa bambo ake, kukhala pamkono wa mpandowo nsapato asanavule, n'kuyambapo: za mkulu wina wa ndevu amene anakomoka ataona jakisoni, za mayi wachikulire amene anafunsa ngati magazi ake amubwezera akatha kuwayeza, za dokotala watsopano woyenda ngati pansi pakutentha. A Ziyende ankamudula pafupipafupi kuti, "Ziyende, ziyende, fika pamutu pa nkhani." Koma tsiku limene Kadontho wachedwa ankazungulirazungulira pabwalo, maso ali kugeti, tiyi osamumwa. Kunena mosabisa, nkhani za mwanayo ndi zimene ankadikira tsiku lonse ali chogwada pansi pa masinki a anthu.

Kenako m'nkhanizo munayamba kulowa dalaivala wa ambulansi. Poyamba ankangodutsamo, kenako anayamba kukhalitsa, mapeto ake anafika yekha pakhomo atavala jekete yomuthina m'mapewa. Anali mnyamata wamtali, waulemu mpaka kutopetsa, wolandira kapu ya tiyi ndi manja awiri. A Ziyende anamukonda. Anati munthu amene ntchito yake n'kuliza sayirini kuti magalimoto apatuke, ameneyo akudziwa chimene dziko likusowa. Za ukwati zinayamba kukambidwa, tsiku linasankhidwa, ndipo telala uja akamaliza mayunifolomu ankatulutsa nsalu yoyera n'kumasoka diresi.

Mnyamatayo anali atapeza kanyumba kakale kuseri kwa chipatala, n'kumakakonza yekha masiku amene sali pantchito. Atamaliza anaitana apongozi ake kuti akaone. Lamlungu masana akukonzeka, mayi a Kadontho anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndowa itsale. A Ziyende anavomera mosavuta, mwina mosavuta mopitirira. Potuluka pageti anali atainyamula, itadzaza malalanje. Anati munthu sapita kwa eni ake chimanjamanja, ndipo malalanje sangakwane m'thumba la malaya.

Kanyumbako kanali kaukhondo, kakununkhira penti. Makatani anali atapachikidwa, makapu ali ndanda pashelufu, ndipo matiresi atsopano anali pansi kuchipinda chifukwa bedi inali ikanali kwa kalipentala. Mnyamatayo anasunga bafa kuti aonetse pomaliza. Munali matailosi oyera, mizere yake yowongoka bwino, ndipo anafotokoza mwamanyazi kuti anawaika yekha, limodzilimodzi, mpaka mawondo ake anasupuka. Mayi a Kadontho anayamikira, n'kuyang'ana mawondowo. A Ziyende anayamikiranso. Kenako anabwerera pabalaza, anakhuthulira malalanje patebulo mosamala, n'kunena kuti akufuna kusamba m'manja.

"Bambo," anatero Kadontho. Anangoitana kamodzi.

Onse anamva mpopi ukulira m'ndowa, kuyambira phokoso la pansi mpaka la pakamwa.

Madzi aja anaima kaye pakati pa bafa ngati mlendo wosadziwa njira. Kenako anafulatira kabowo ka ngalande, anatuluka pakhomo, anadutsa pakati pa mapazi a mwini nyumba, n'kukhotera kuchipinda chogona opanda ndi manyazi omwe. A Ziyende anawatsatira, manja kumbuyo, mpaka pamatiresi, n'kuima pamenepo kuonerera siponji ikumwa.

Mnyamatayo, thukuta lili kamukamu, anati sakumvetsa, chifukwa anayeza ndi levulo ndipo kathovu kanali pakati penipeni. Pa mawu onse a m'dziko muno, amenewo ndi amene sanafunike kutchulidwa pamaso pa a Ziyende.

"Mwana wanga salowa m'nyumba imene madzi a kubafa amagona pamatiresi," anatero. "Iwe madzi sunawafunse kumene akufuna kupita. Ndiye mwana wangayu udzamufunsa?"

Kadontho anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana mayi ake. Mayi ake anapukusa mutu pang'ono chabe. Kadontho anatseka pakamwapo, anavula nsapato, anatenga chikolopa n'kuyamba kukolopa. A Ziyende anaziona zonsezi, koma anaganiza kuti azimayiwo agonja ndi umboni. Anatola ndowa yawo n'kuuyamba wa kunyumba. Malalanje anawasiya, poti ndi munthu waulemu.

Pakamwa pamene Kadontho anatseka tsiku limenelo sipanatsegukenso. Moni ankapereka, poti analeredwa. Akaweruka ankavula nsapato pakhomo, kudutsa kumbuyo kwa mpando wa bambo ake, n'kukalowa kuchipinda kwake.

Poyamba a Ziyende sanade nkhawa, poti paipi yotsekeka ndiye ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Anayamba monga amayambira kwa makasitomala, kugogoda apa ndi apo kuti amve pamene patseka. Kuntchito kunali bwanji? Mkulu wa ndevu uja anabweranso? Mayankho anali "bwino" ndi "ayi." Anayesa zofewetsa, n'kumugulira mabisiketi amene ankawakonda ali mwana. M'mawa anawapeza m'bokosi lawo la zipangizo, osatsegula. Anayesa kupopa ndi mphamvu: pa chakudya ananena mokweza kuti magazi a munthu amapangidwa m'mapapo, bodza limene masiku akale likanamudzutsa Kadontho pampando, supuni ili m'manja. Kadontho anangopempha mchere kwa mayi ake. Potsiriza anayesa kulowetsa waya kudzera mbali ina, ndiko kuti kutuma akazi awo. Akaziwo anayankha kuti iwo ndi telala, za mapaipi sazidziwa.

Diresi ija inapindidwa n'kuikidwa m'kabati. Nyumba inangoti zii, moti a Ziyende anayamba kumva zinthu zimene sankazimva kale, monga firiji ikung'ung'udza ndi mpopi wa aneba ukudontha. Kuntchito anayamba kulakwitsa. Kunyumba ina analumikiza madzi otentha kuchimbudzi, mwini nyumba n'kudzawafunafuna ndi nkhope imene sitingaifotokoze pano. Liwu lawo lija linasiya kumveka mumsewu, ndipo wa pagolosale anafunsa ngati akudwala.

Lachisanu lina pobwera anapeza sutikesi yaikulu, imene inkakhala pamwamba pa kabati kuyambira pamene Kadontho anamaliza maphunziro, ili pakhonde, yapukutidwa fumbi. Akazi awo, osaimitsa makina, anati mwana wapeza chipinda kunyumba za anamwino ndipo asamuka Lamlungu. Kwa mnyamata uja sapita, poti bambo ake anakana, koma pano sakhalanso. A Ziyende anachita mantha, mantha enieni, oposa a tsiku limene anzawo anawatsekera m'thanki mwangozi. Koma chimene chinatuluka pakamwa pawo n'choti mfundo ndi mfundo, madzi sanama.

M'mawa mwake linali Loweruka, tsiku lopaka mankhwala. Anakhala pakhonde, dzanja la akazi awo lili pabondo pawo, akusisita mfundo zotupa zija n'kumafotokoza kuti magazi akapeza njira yopapatiza amachita ulesi. Anawonjezera kuti tsiku lina mwanayo adzawathokoza, chifukwa mkazi wolowa m'nyumba yopendekeka amakalamba ndi chikolopa m'manja.

Mayi a Kadontho anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Anadzuka, anakatenga ndowa yabuluu pamsomali pake, ndowa imene wina aliyense sanaigwirepo, n'kukaidzaza pampopi.

"Bambo a Kadontho, valani magalasi mubwere kuno," anatero.

Bafa la nyumba imeneyo a Ziyende analipanga okha asanakwatire. Inali ntchito yawo yoyamba ya simenti, ndipo ndi bafa lokhalo m'tauni monse limene sanalithirepo ndowa. Akanamuyesa ndani, mmisiri ali iwo omwe? Posamba amavula magalasi, amaima pa timatabwa timene anakhoma kuti asaterereke, amasamba msangamsanga monga mwa dzina lawo, n'kutuluka akupukuta mapazi pa chiguduli chopinda chimene chimakhala pakhomo nthawi zonse. Chigudulicho chimakhala chonyowa, ndipo chifukwa chake iwo ankachidziwa bwino: mapazi awo.

Mayi aja anachotsa timatabwa, anakankhira chiguduli pambali ndi phazi, n'kukhuthula ndowa.

Madzi awa sanaime n'komwe kuti aganize. Madzi saiwala khwawa, ndipo awa njira ankaidziwa kuyambira kale. Anatuluka pakhomo, anadutsa mpata wa pakati pa zipinda, analowa kuchipinda chogona, n'kukafika kunsi kwa bedi kumene kumakhala nsapato za kutchalitchi. A Ziyende anawatsatira, koma manja sanawaike kumbuyo.

Anati nyumba yatitimira mbali imodzi chifukwa cha mvula za zaka zino. Anatinso mathiridwe ake alakwika, ndowa amaikhuthula kuchokera pakona. Anatunga ina n'kuthira okha kuchokera pakona, ndipo nsapato za kutchalitchi zinayamba kuyenda zokha kulowera kukabati.

"Zayamba liti zimenezi?" anafunsa.

"Tsiku limene ndinalowa m'nyumba muno."

Mayiwo anafotokoza modekha, ngati akunena za chigamba cha kabudula wa mwana wa sukulu. Ankasamba pambuyo pa amuna awo dala. Akatha ankakankhira madzi kukabowo ndi tsache, kufinya chiguduli, kuchipinda, n'kuchibwezera pamalo pake. Ziguduli zimene zinathera pakhomopo sakanatha kuzikumbukira. Kadontho atasinkhuka anayamba kuthandiza kufinya, ndipo mayi ake anamulonjezetsa kuti asadzawauze bambo. N'chifukwa chake anatsegula pakamwa tsiku lija kwa mnyamata wa ambulansi, ndipo n'chifukwa chake anatsekanso.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Munandilowetsa m'bafamu mutandigwira dzanja, mawondo anu ali zilonda zokhazokha, mukuti mwapangira ine. Ndinati ndinena mawa." Anayang'ana manja awo. "Makina osokera aja musamawanamizire, alibe mlandu. Ndipo ine ndikanakhala ndi bambo wa ndowa, bwenzi inu muli batchala mpaka lero."

Paja amati anyani amasekana zikundu. A Ziyende anakhala pamphepete pa bedi, mapazi ali m'madzi. Manyazi anachita, koma manyaziwo anali aang'ono poyerekeza ndi chisoni. Zaka zonsezi anali akusisita manja amenewo Loweruka lililonse, kuwaphunzitsa za magazi, osadziwa kuti akuwatupitsa ndi iwo omwe. Anadzuka, anatola chiguduli, anagwada, anachinyika m'madzi aja n'kuchifinyira m'ndowa. Chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera, ndipo ulusi wake unkaluma m'zala. Anakolopa nyumba yonse okha, akazi awo ali chiimire pakhomo osawathandiza komanso osawaletsa. Pomaliza, a Ziyende nawo mfundo za manja awo zinali zikuyaka moto.

Masana anavala ovololo n'kupita kuseri kwa chipatala kumene amatsukira maambulansi. Mnyamata uja atawaona anayamba wayang'ana m'manja mwawo. Kenako anakankhira ndowa yake yotsukira kuseri kwa tayala ndi phazi, n'kupereka moni.

A Ziyende sanazungulire. Anafunsa ngati ali ndi hamala yaikulu, ndipo anati mawa m'mawa abwere nayo kunyumba, kuli pansi pofunika kugumula. Akamaliza kumeneko apita kukagumula kwa mnyamatayo. Mnyamatayo, podziwa kuti apongozi akewo saiwala dzina la mmisiri wolakwitsa, anafunsa mwaulemu kuti anaononga kumeneko ndi ndani.

"Mnyamata wina wopusa," anayankha. "Maso anali pa mtsikana, simenti osaiona. Mwayi wake anakwatira bwino, ndiye palibe anadziwa. Tiyambira kwathu, chifukwa kumeneko munthu wadikira mokwanira."

Lamlungu m'mawa Kadontho anatuluka m'chipinda mwake akukoka sutikesi, n'kupeza bambo ake ndi chibwenzi chake atagwada m'bafa, onse ali mbuu ndi fumbi, akukangana za levulo. Mnyamatayo anali atabwera nayo mobisa m'jekete, ndipo a Ziyende ankati aitulutse panja isaphunzitse simenti bodza. Kadontho anaima n'kumawayang'ana nthawi yaitali. Sutikesi anaisiya pompo, osatuluka nayo, osaibwezanso pamwamba pa kabati, ndipo aliyense wodutsa ankaipunthwa.

Ntchitoyo inatenga masiku, poti simenti saiuza kuti ziyende. Banja lonse linkasamba kwa aneba, ndipo a Ziyende, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, analowa m'bafa la eni ake n'kutuluka osanenapo kanthu, ngakhale anaona zambiri. Mnyamata wa ambulansi ankabwera akaweruka. Anaphunzira kuti pansi samapawongola kuti pakhale fulati, amapapendeketsa dala pang'ono, kuchokera kukhoma lililonse kutsikira pakabowo. A Ziyende nawo anaphunzira kuti mizere ya matailosi ya mnyamatayo ndi yowongoka kuposa yawo, koma zimenezo anangoziuza mtima wawo. Kadontho ankabweretsa tiyi wa anthu awiri, kumuika pampando, n'kubwerera osanena kanthu. Liuma analitengera kwa bambo ake, ndipo bambo akewo analibe wodandaulira.

Pansi pataumitsitsa, tsiku lina madzulo Kadontho atangofika kumene, a Ziyende anadzaza ndowa yabuluu n'kuipereka kwa akazi awo. Anati woyesa akhale iwo. Mayiwo anapinda manja a bulauzi n'kukhuthula, osati kuchokera pakona, koma pakati penipeni, mmene anafunira. Madzi anayala pamatailosi, anabwerera okha kuchokera kukhoma lililonse, anazungulira pakabowo n'kulowa onse mpaka kabowoko kanageya. Pakhomo panali pouma.

Mayi a Kadontho anawerama kuti atole chiguduli, poti msana wawo unazolowera. Pamalopo panalibe kanthu. Anacheuka n'kuchipeza chili m'manja mwa amuna awo.

"Chisiyeni," anatero a Ziyende. "Mwafinya mokwanira."

Magalasi anachita nthunzi, ndipo kanthu kena kanatsika motsata mphuno n'kukalowa m'ndevu. Apo ndi pamene anamva mawu kumbuyo kwawo, mawu amene anali atawasowa masabata onsewo.

"Bambo, pamenepo pakudontha kapena pakuchucha?"

"Pakusefukira, mwana wanga," anayankha.

Kadontho anawagwira pamkono n'kuwatengera pampando wawo. Anakhala pamkono wa mpandowo nsapato asanavule, n'kuyambira pamene anasiyira. Mkulu wa ndevu uja anabweranso ndipo anakomokanso, koma ulendo uno anakomokera pampando wa odikira asanaitanidwe n'komwe. Mayi wachikulire uja anabwera ndi kabotolo kake kuti akatha kuyeza amuikire magazi ake. Dokotala watsopano anapezeka kuti nsapato zimamuthina. Nkhani za masabata onse aja anali atazisunga, osataya ngakhale imodzi, ndipo zinkatuluka mosatsata ndondomeko, ina kulowa mu inzake, ina kubwerezedwa. Mnyamata wa ambulansi anakweza sutikesi pamwamba pa kabati, n'kudzakhala pakhomo ndi hamala yake, kudikira kuti amve za tsiku lokagumula kwake. Pakhonde makina osokera anayamba kulira pansalu yoyera ija. Tiyi anazizira pampando.

A Ziyende anamvetsera zonse mpaka kumapeto, chiguduli chouma chili pamiyendo, ndipo sananene ngakhale kamodzi kuti ziyende.